Dzina Losafufutika: Za Kusema Zilembo za Zikwangwani kwa Makhuwira

Msewu wa tsidya la kum'mawa kwa Shire upatuka pa Thabwa, patsinde pa chitunda chotsikira ku Chikwawa, ndipo ulunjika kumwera, mapiri a Thyolo ali kudzanja lamanzere, dambo lalikulu la Elephant Marsh lili kudzanja lamanja. Umenewu ndiwo msewu wa kwa Mfumu Makhuwira, kumene kuli misika ya Nkhate, Mitondo ndi Livunzu, ndiponso minda ya mpunga yothirira. M'mbali mwake muli masukulu, zipatala zazing'ono, maofesi a alangizi a zaulimi, matchalitchi ndi masitolo. Nyumba zonsezi zili ndi maina ake. Koma mlendo wofuna kudziwa kuti iyi ndi sukulu yanji, si kamodzi kokha ayenera kuimitsa galimoto ndi kufunsa mwana wopita kumjigo, pakuti pachikwangwani patsala thabwa lotuwa kapena lata ladzimbiri, mawu ake anapita kale ndi dzuwa.

Ena mwa owerenga athu adzati iyi ndi nkhani yaing'ono, yosayenera tsamba lino. Ife sitiganiza chomwecho. Mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, mu Januwale 2022 pamene kunagwa namondwe wa Ana, ndiponso mu Malichi 2023 pamene kunafika namondwe wa Freddy, madzi anasefukira m'chigwa cha Shire, ndipo anthu zikwizikwi anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Pa masiku otere woyendetsa lole ya ufa kapena ya mankhwala, amene wachokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, alibe china chomutsogolera koma pepala lolembedwa dzina la sukulu. Chimodzimodzinso wonyamula mapepala a mayeso, wogwira ntchito ya zisankho, ndi woyendetsa ambulansi usiku. Nyumba ya Boma yopanda dzina looneka itayitsa nthawi ya anthu pa tsiku limene nthawiyo ili yosowa.

Chifukwa chake cha kufufutikaku si ulesi wa aphunzitsi aakulu ayi. Dziko la kuchigwa ndi lotentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kupitirira madigiri 40, ndipo utoto wopakidwa pathabwa kapena palata uuma, ung'aluka, nuyamba kusupuka. Zikwangwani zosindikiza ndi kompyuta pansalu ya pulasitiki, zimene anthu amakagula ku Blantyre ndi ku Limbe, zioneka bwino zedi pa tsiku lozikhoma, koma dzuwa liyamba kudya mtundu wofiira, kenako inayo, ndipo mphepo imaliza ntchito poing'amba nsaluyo. Inki ndi pulasitikiyo ndi zochokera kunja, ndipo chitsikire mphamvu ya Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake suli wa masewera. Chikwangwani chikafufutika, sukulu iyenera kuyambanso pachiyambi: kufuna ndalama, kufuna wolemba, kudikira.

Chilembo chokhala ndi thupi

Ilipo njira ina, yakale ndithu, imene amisiri a kwa Makhuwira komweko angathe kuitsata ndi zida zimene ali nazo kale. Mmalo molemba chilembo ndi burashi, mmisiri achipanga chilembocho kukhala chinthu chogwirika ndi dzanja: achisema pathabwa, achikhoma ndi lata, kapena achiumba ndi simenti, nachimangirira pakhoma. Kusiyana kwake ndi uku. Chilembo cholemba ndi utoto chili utoto wokhawokha, ndipo utotowo ukatha chilembo chatha. Chilembo chosema chili ndi thupi. Utoto ukasupuka, thupilo likhalapobe, mthunzi wake ugwa pakhoma, ndipo munthu wodutsa awerenga dzinalo ngakhale mtundu wonse utapita. Dzuwa lomwe lija lowononga utoto ndilo likhala lothandiza kuonetsa chilembo.

Palinso phindu lina limene aphunzitsi aliona msanga. Kulemba chilembo chokongola ndi burashi pakhoma lopanda kanthu ndi luso la anthu owerengeka. Koma kupaka utoto pamwamba pa chilembo chimene chilipo kale, mwana wa Sitandade 7 angathe kuchita Loweruka limodzi m'mawa. Motero luso lilipiridwa kamodzi, ndipo zaka zotsatira sukulu igula kachitini ka penti basi.

Aroma anazidziwa zimenezi. Patsinde pa chipilala cha Mfumu Trajan mumzinda wa Rome, chimene anachimaliza m'chaka cha 113, pali mawu ogoba pamwala ndi tchizulo, ndipo kufikira lero anthu awawerenga, osindikiza mabuku natengerapo maonekedwe a zilembo zawo zazikulu. Sitinena kuti thabwa la malaina lidzakhala zaka zochuluka chotero. Tingonena kuti chilembo chimene chalowa m'thupi la chinthu sichichoka ndi mvula imodzi.

Zida ndi mitengo

Zida zofunika n'zochepa, ndipo palibe chimodzi cholira magetsi. Ichi si chinthu chochepa kudera kumene nyumba zambiri za m'midzi zilibe magetsi; ndipo ngakhale amene ali nawo akumbukira bwino mdima umene unatsatira pamene namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, m'boma lomweli la Chikwawa, dziko nkutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mmisiri afuna pensulo, sikweya, tepi yoyezera, sowo yodulira matabwa, kasowo kakang'ono ka mpeni wopyapyala kodulira mokhota, puleni, matchizulo awiri kapena atatu, chiboolero chopukusa ndi dzanja, tupa, sanipepa, hamala, ndi chopanira thabwa kuti lisagwedezeke. Wopanda kasowo ka mokhota angathe kunola mpeni wakutha wa sowo yodulira zitsulo ndi kuumangira chigwiriro. Kalipentala aliyense wokhoma zitseko ndi mabenchi pa Livunzu ali nazo zambiri mwa izi m'bokosi mwake.

Za mtengo tiyenera kunena mosabisa. Mlombwa ndiwo mfumu ya ntchito yotere: suvunda msanga, chiswe sichiukonda, supindika ukauma, ndipo tchizulo iyenda bwino m'menemo. Mbawa itsatira. Koma mitengo imeneyi yatha m'madera ambiri, ndipo Lamulo la Zankhalango la 1997 sililola munthu kudula mitengo yachilengedwe m'nkhalango za Boma popanda chilolezo. Sikungakhale kwanzeru kugwetsa mlombwa m'mapiri a Thyolo, kumene mitsinje ya Nkhate ndi Livunzu ichokera, kuti tilembe dzina la sukulu imene mitsinje yomweyo idzaikokolola chifukwa phiri lavulidwa. Chilembo sichifuna thabwa lalitali. Zidutswa zotsala kwa opanga mipando, chitseko chakale, desiki yothyoka ya m'kalasi, zonsezi zitulutsa zilembo zabwino, ndipo thabwa lakale lili ndi ubwino wakuti linauma kalekale. Pa mitengo yobzala, malaina ndiwo oyenera: ndi opepuka, sang'aluka kwambiri, ndipo agwira penti. Bulugamu ang'aluka ndi kupotoka akamauma. Paini ndi ndiwo ya chiswe pokhapokha atamwetsedwa mankhwala. Tsanya, umene uli wochuluka kuchigwa, ulimba koposa, koma ubunthitsa sowo ndi kung'aluka pokhoma msomali, chotero uyenera kukhala mzati wa chikwangwani, osati chilembo. Pulayiwudi wamba asayesedwe panja. Madzi akalowa m'mphepete mwake, amatuka ngati masamba a buku lonyowa.

Thabwa laliwisi ndilo mdani wamkulu. Mmisiri wofulumira ndalama akasema chilembo pathabwa locheka dzulo, pakutha pa mwezi wa Okutobala chilembocho chidzakhala chitapindika ngati chikwakwa. Wogula afunse kuti thabwa lakhala miyezi ingati pamthunzi.

Kuyeza ndi kujambula

Ntchito yeniyeni iyamba papepala, sowo isanagwire thabwa. Choyamba ndi kudziwa kuti owerenga adzaima patali bwanji. Olemba zikwangwani ali ndi muyeso wawo: inchi imodzi ya kutalika kwa chilembo pa mapazi 10 aliwonse a mtunda, kuti chiwerengeke mosavuta. Khoma la sukulu likakhala mapazi 100 kuchokera kumsewu, zilembo zikhale za mainchesi 10. Maso akuthwa aziwerenga ali kutali koposa apo, koma chikwangwani sichilembedwera maso akuthwa okha, ndipo wokwera njinga yamoto pafumbi alibe nthawi yoyang'anitsitsa.

Chachiwiri ndi kunenepa kwa mzere wa chilembo. Gawo limodzi mwa magawo 5 a kutalika kwake likwanira. Njira yapafupi ndiyo kulemba timabokosi pakatoni, monga muja achitira ana m'kope la masamu: chilembo chilichonse chikhale timabokosi 5 kutalika, mzere wake kabokosi kamodzi. I atenga kabokosi kamodzi m'lifupi, E ndi L timabokosi 3, H, K, U ndi R timabokosi 4, M timabokosi 5, ndipo W, amene ali wotambalala koposa onse, timabokosi 6. Pa zilembo za mainchesi 10, kabokosi kalikonse ndi mainchesi 2. Wowerengera motere apeza kuti dzina lakuti MAKHUWIRA, pamodzi ndi mipata yake, lifuna khoma la pafupifupi mapazi 7 ndi theka. Kuli bwino kudziwa zimenezi chipilala chisanamangidwe. Tonse tinaonapo zikwangwani zimene zilembo zake ziyamba zonenepa kumanzere, nizinka zionda ndi kupanikizana kumanja, chomaliza chili chokwera pamwamba pa chinzake ngati wokwera minibasi yodzaza.

Chitsanzo cha chilembo chilichonse chidulidwe pakatoni ndi kusungidwa. Dzina la MAKHUWIRA lili ndi zilembo 9 koma lifuna zitsanzo 8, popeza A abwera kawiri. Mmisiri akasunga zitsanzo zake, ntchito yachiwiri ikhala yofulumira, ndipo zikwangwani za dera lonse zidzafanana maonekedwe, chimene chili choyenera nyumba za Boma.

Pali zinsinsi ziwiri zimene tepi siziuza munthu. Choyamba: zilembo zozungulira, monga O, C, S ndi U, zikadulidwa molingana ndendende ndi H, zioneka zazifupi; ziyenera kupitirira mzere pang'ono pokha pamene pali pozungulirapo. Chimodzimodzi nsonga ya A ndi ya V. Chachiwiri: mipata ya pakati pa zilembo siyezedwa ndi tepi koma ndi diso. H ndi I akaimirira pamodzi afuna mpata waukulu, pakuti onse ndi owongoka. Koma A ndi W ayenera kuyandikizana kwambiri, chifukwa kupendekeka kwawo kwasiya kale danga. Woyeza mainchesi ofanana paliponse adzapeza kuti CHIKWAWA yagawika pawiri kapena patatu. Mmisiri wabwino ayala zitsanzo zake pansi, nabwerera m'mbuyo mapazi 20, natsinzinira pang'ono, nasuntha chilembo ichi ndi icho kufikira kuwala kwa pakati pa zilembo kufanane. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudula

Apa ndipo pagona kusiyana kwa mmisiri ndi wongoyesa. Thabwa lili ndi mitsempha yake yoyenda m'litali, ndipo lilimba motsata mitsemphayo, koma lithyoka msanga modutsa. Munthu akadula E pathabwa limodzi, mitsempha ili choimirira, msana wa E ukhala wolimba koma manja ake atatu akhala ofooka, ndipo limodzi lidzathyoka pa tsiku lokhoma lomwe. Chotero zilembo zowongoka, ndizo A, E, F, H, I, K, L, M, N, T, V, W, Y ndi Z, kuli bwino kuzilumikiza ndi timatabwa topala bwino, ta mainchesi 2 m'lifupi ndi inchi imodzi kuchindikala, kuti chiwalo chilichonse chikhale ndi mitsempha yoyenda m'litali mwake. Polumikiza, mmisiri asema theka la kuchindikala kwa kathabwa aka ndi theka la kanzake, nazilowetsana kuti pamwamba pakhale posalala, namata ndi guluu wosasungunuka ndi madzi, nakhomera kumbuyo. Njira imeneyi isunganso matabwa, pakuti palibe chotaya.

Mwayi wake ngwakuti maina ambiri a kwathu ali ndi zilembo zowongoka. Mwa zilembo 9 za MAKHUWIRA, ziwiri zokha, U ndi R, ndizo zili ndi mokhota. Mu CHIKWAWA ndi C yekha. Koma wolemba SUKULU sangathawe: S ali pomwepo ndi ma U atatu.

Zilembo zokhota zidulidwa pathabwa limodzi lotambalala, kapena pa matabwa awiri omatana m'mphepete. Mmisiri aika chitsanzo, nazunguliza pensulo, nayamba ndi m'kati. Pochotsa mimba ya O, R, B, D kapena P, aboola bowo pafupi ndi mzere, nalowetsa mpeni wa kasowo kaja, nacheka mozungulira. Kumene kasowo sikafika, aboola mabowo oyandikana nagwetsa chotsala ndi tchizulo, kuyambira mbali zonse ziwiri kuti thabwa lisanyotsoke kumaso. Kunja adula pambuyo pake, chifukwa thabwa likadali lalikulu ligwirika bwino ndipo silithyoka. Sowo iyende kunja kwa mzere, osati pamzere. Chotsalacho tupa ndi sanipepa zimaliza. S ndiye mayeso a mmisiri: mimba yake yam'munsi ikhale yaikulu pang'ono kuposa yam'mwamba, apo ayi aoneka ngati ali kugwa chagada. Amene wakhoma S chozondoka adziwika ndi mwana aliyense wa Sitandade 2.

M'mphepete monse mwa chilembo mupalidwe pang'ono kuti musakhale mwakuthwa, pakuti penti sagwira pa ngodya yakuthwa, ndipo ndi pomwepo ayamba kusupuka. Popaka, kumbuyo ndi m'mbali n'kofunika kuposa kumaso, makamaka kunsonga kumene mitsempha ya thabwa yadulidwa. Kumeneko thabwa limwa madzi monga bango. Penti woyamba alowe kawiri kunsongako, kenako penti wamafuta kawiri ponseponse, ntchito yonse ichitikire pamthunzi ndi m'mawa. Penti wopakidwa padzuwa la masana la ku Chikwawa auma pamwamba m'kati muli mwamadzi, nachita matuza. Za mitundu, chakuda pa choyera kapena choyera pa chobiriwira chakuda ziwerengeka patali. Chofiira pa chobiriwira chisokoneza maso.

Pokhoma, mmisiri amange chingwe chowongoka ndi levulo, ayale pepala lalitali limene walembapo malo a chilembo chilichonse, ndipo aboole motsata pepalalo. Chilembo chisagunde khoma. Kachidutswa ka paipi ka theka la inchi, kovekedwa pa sikuluwu kumbuyo, kasiya mpata wakuti madzi a mvula atsike ndi mphepo iumitse, ndiponso kakulitsa mthunzi umene tanena uja. Mavu adzaukonda mpatawo, n'zoona, koma mavu achotsedwa ndi kamtengo, pamene kuvunda kulibe mankhwala. Ndipo popeza tili kuchigwa, zilembo zikhale pamwamba pa mzere umene madzi a 2023 anasiya pakhoma.

Lata ndi simenti

Okhoma ndowa ndi zidebe, amene sasowa pamsika uliwonse wa kuchigwa, ali nalo kale luso lopanga zilembo za lata. Adula nkhope ya chilembo palata losalala ndi sizasi yawo, nadula lamba wa inchi imodzi kapena ziwiri, namupinda motsata mphepete, nalumikiza ndi mtovu kapena popinda timakutu, monga achitira ndi thako la ndowa. Chilembo chotere ndi chopepuka ndipo chiswe sichichidziwa. Chofunika kukumbukira ndi chakuti penti sagwira palata latsopano lonyezimira. Liyambe lapukutidwa ndi viniga, kapena likhale panja kufikira litatuwa. Pansi pa chilembo chilichonse paboole kabowo kotulutsa madzi. Vuto la lata ndi limodzi, ndipo a Roads Authority alidziwa bwino chifukwa cha zikwangwani za m'misewu zimene zimasowa usiku: chitsulo chili ndi msika.

Simenti ilibe msika wotere. Palibe wakuba angagulitse chilembo cha simenti, chiswe sichichidya, moto wa tchire suchinyeketsa, ndipo madzi osefukira akaphwa chitsala ndi matope ongofuna kutsuka. Pa nyumba za Boma za m'dera losefukira madzi, ife tiona kuti simenti ndiyo yopambana. Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi ya omanga nyumba: pachipilala cha njerwa chopaka kale pulasitala, mmisiri aonjezera pulasitala wina wochindikala ngati chala, nayembekeza kuti agwire pang'ono, naika zitsanzo za katoni zija, nadula mozungulira ndi mpeni, nachotsa zapambali. Zilembo zitsala zitaimirira, zili thupi limodzi ndi khoma. Yachiwiri ndi ya chikombole: kalipentala akhoma chikombole cha chilembo, nachipaka oyilo wakutha, nathiramo muyeso umodzi wa simenti pa miyeso itatu ya mchenga wosefa wa kumtsinje, naikamo waya pakati kuti chisathyoke, nsonga zake zitatulukira kumbuyo zodzalowetsa m'khoma. Popeza nkhope ya chilembo ikhala pansi pa chikombole, chikombolecho chikhomedwe chotembenuza, monga chilembo chionekera pagalasi. A, H, M, U ndi W sasamala zimenezi, koma K, R ndi S adzatuluka choyang'ana kumbuyo. Ndipo simenti siuma ndi dzuwa, ilimba ndi madzi: zilembo zifunditsidwe masaka onyowa masiku 7, pamthunzi.

Luso la chikombole si lachilendo m'dziko muno. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, ndi anthu a dziko lino amene sanaphunzirepo zomanga, ndipo njerwa zake zamaonekedwe osiyanasiyana zinaumbidwa m'zikombole zamatabwa zosemedwa pomwepo. Manja amene anatha zimenezo sangalephere chilembo cha R.

Mbali ya aphunzitsi

Chilembo chosafufutika chili ndi choopsa chake: cholakwa nachonso sichifufutika. Mmisiri adziwa thabwa, koma si onse amene anapita patali ndi sukulu, ndipo si mlandu wake ngati wapatsidwa mawu pakamwa chabe. Mwini ntchito alembe mawu onse papepala ndi zilembo zazikulu, anthu awiri awawerenge, asayine, ndipo pamenepo sowo iyambe. Safunsa anadya phula.

Kuchigwa nkhaniyi ili ndi minga yake. Dzina la mfumu ya dera lino lipezeka lolembedwa Makhuwira, kwina Makhwira, ndipo m'mabuku a atsamunda Makwira. Dzina la boma lilembedwa Chikwawa ndiponso Chikhwawa, ndipo zonse ziwiri zioneka m'manyuzipepala. H mmodzi ameneyo pa zilembo za mainchesi 10 ndi pafupifupi phazi lathunthu la khoma. Maina amasinthanso: Port Herald inasanduka Nsanje, Cholo inasanduka Thyolo, ndipo malamulo a kalembedwe a 1973, amene Bungwe la Chichewa linakonza, anakhazikitsa Ch pamene akale ankalemba C yekha. Apa zilembo zomangirira chimodzichimodzi ziposa zoumbira kukhoma, pakuti munthu angathe kumasula ndi kusuntha. Koma chabwino koposa ndi chakuti Khonsolo ya boma, itamva mafumu eni maina, itulutse mndandanda umodzi wa maina a malo monga ayenera kulembedwa, kuti chipatala, sukulu ndi bwalo la milandu za m'mudzi umodzi zisatchule mudziwo mwa njira zitatu.

Tizizindikiro tating'ono tisaiwalike. Ng'ombe si ngombe, ndipo Mang'anja opanda kachizindikiro kawo asanduka mtundu wina. Kachizindikiro kameneka, pamodzi ndi kachipewa ka Ŵ kwa amene alemba Malaŵi motero, ndi tizidutswa tapatokha timene tigwa msanga. Tikhomedwe ndi misomali iwiri, kuti tisazungulire.

Aphunzitsi a makalasi oyamba apindulanso mwa njira ina. M'makoleji a uphunzitsi anaphunzira za TALULAR, ndiko kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Zidutswa zotsala pa ntchito ya chikwangwani zikwanira kusema zilembo zazing'ono za mainchesi 3, zimene mwana wa Sitandade 1 angathe kuzigwira, kuziyendetsa chala ndi kuziyala pamphasa. Mwana wosokoneza b ndi d asiya msanga akazitembenuza yekha m'manja. Ndipo mwana wosaona bwino aphunzira ndi zala chimene bolodi limukaniza.

Mbali ya Boma

Sitinena kuti zosindikiza zitayidwe. Chidziwitso cha msonkhano wa sabata yamawa, mndandanda wa mitengo, uthenga wa katemera wokhala ndi zithunzi, zonsezi ndi za makina, pakuti n'zosakhalitsa ndipo mawu ake ndi ambiri. Zikwangwani za pamsewu zochenjeza oyendetsa galimoto zili ndi miyeso yake ndi utoto wake wowala usiku, ndipo si za kalipentala. Chizindikiro cha Boma ndi mbendera zitetezedwa ndi lamulo, chotero mmisiri asaziseme popanda chilolezo. Chimene tili kunena ndi dzina la nyumba, mawu awiri kapena atatu amene sasintha chaka ndi chaka.

Boma linaonetsa kale njira. Mu 1999 linakhazikitsa TEVETA kuti iyang'anire maphunziro a ntchito zamanja. Mu 2015 linayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma. Ndipo mu 2016 linakhazikitsa ndondomeko yolimbikitsa kugula katundu wopangidwa m'Malawi muno. Achinyamata otuluka m'makoleji amenewa adziwa kupala thabwa, kuwotcherera ndi kuyala njerwa, koma ambiri akabwerera kumudzi apikisana pa zitseko, mabedi ndi mabokosi a maliro omwewo. Kuwonjezera masabata awiri a kuyeza ndi kujambula zilembo pa maphunziro a ukalipentala ndi zomanga sikufuna makina atsopano kapena nyumba yatsopano. Kufuna katoni, pensulo ndi mlangizi.

Chotsala chili m'manja mwa owerenga tsamba lino. Mphunzitsi wamkulu ndi komiti yake, pokonza za ndalama zotukulira sukulu zimene Boma limatumiza, woyang'anira chipatala, kalaliki wa Khonsolo wolemba zofunika kugula: awa ndiwo asankha ngati ndalama ya chikwangwani ikwera chitunda kupita ku Limbe kapena itsala pa Mitondo. Kawirikawiri chopinga ndi mapepala, popeza mmisiri wa pansi pa mtengo alibe risiti kapena kalata ya bizinesi, ndipo kalaliki aopa ofufuza mabuku. Mantha amenewa ndi oona, koma mankhwala ake ndi kuthandiza amisiriwo kulembetsa, paokha kapena m'kagulu, osati kuwalambalala. Poyerekeza mitengo, kalaliki asayang'ane ya lero yokha. Awerenge kuti nsalu yosindikiza idzagulidwa kangati pa zaka 10, ndipo pambali pake alembe zilembo za simenti kamodzi ndi timatini ta penti.

Nyengo yoyenera ntchitoyi ndi miyezi ya Juni ndi Julayi. Pamenepo mpunga wakololedwa ndipo amisiri ali ndi mpata, mitsinje yaphwa ndipo mchenga upezeka, msewu wa ku Thabwa upitika ndi thumba la simenti, ndipo kunja kwazizira mokwanira kuti pulasitala alimbe pang'onopang'ono osang'aluka. Sukulu yoyamba ntchito m'mwezi wa Juni idzakhala ndi dzina lake pakhoma ana asanabwerere m'kalasi mu Seputembala.